Nchito Yopima Maso Ili Kuitana Ana a Kumudzi

M'midzi yathu muli amai ambiri amene anaika pansi singano ndi ulusi, osati cifukwa ca ulesi ai, koma cifukwa cakuti kaboo ka singano sakukaonanso. Muli abambo amene kale anali kuwerengera anzao makalata, koma lero uthenga wa ndalama ukafika pa foni ayamba aitana mdzukulu, namuululira ndi nambala yacinsinsi yomwe. Muli alimi a thonje amene asakaniza mankhwala opopera m'munda mongoyerekeza, popeza timalemba ta pa botolo tinasanduka nkhungu m'maso mwao. Ndipo m'kalasi muli mwana amene anzace amuyesa mbuli, pamene bvuto lace ndi lakuti zimene aphunzitsi alemba pa bolodi iye saziona.

Ambiri mwa anthu amenewa safunikira opaleshoni kapena mankhwala. Cimene asowa ndi mandala oyenerana ndi maso ao, ndiponso munthu wophunzira amene angawapime ndi kuwauza zoona. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalengeza m'caka ca 2019 kuti anthu osacepera 2.2 biliyoni saona bwino, ndi kuti pakati pao osacepera 1 biliyoni ali ndi bvuto limene likanapewedwa kapena limene silinathandizidwebe. Gawo lalikulu la anthu amenewa lingosowa mandala. Muno m'Zambia, m'mene kalembera wa caka ca 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni, opima maso ngocepa, ndipo ambiri a iwo ali mu Lusaka ndi m'matauni a ku Migodi.

Cotero lero tifuna kukambirana ndi inu anyamata ndi atsikana amene muli pa sukulu, pamodzi ndi inu makolo amene mugulitsa cimanga ndi nshawa kuti ana aphunzire. Njira yolowera nchito imeneyi ilipo, ngakhale kwa mwana wa kumudzi. Koma iyamba msanga, idzera pa makomo obvomerezeka okha, ndipo phindu lace lioneka pamene wophunzirayo abwerera kumene kuli anthu omusowa.

Kodi wopima maso ndani?

Anthu ambiri akaona munthu wobvala khoti loyera m'cipinda ca maso amucha dokotala, koma m'cipindamo muli nchito zosiyanasiyana. Pali dokotala wa maso weniweni, amene anayamba waphunzira udokotala wonse, nadzaonjezera zaka zina pa za maso zokha. Ameneyu ndiye acita maopaleshoni akulu. Pali anamwino ndi ma clinical officer amene anaphunzira za maso, ndipo ndiwo amene odwala ambiri akumana nao m'zipatala za m'maboma. Tsono pali wopima maso, amene pa Cingelezi achedwa optometrist. Nchito yace ndiyo kuyesa m'mene munthu aonera, kupeza mphamvu ya mandala omuyenera, kusanthula diso ngati muli nthenda, ndi kutumiza wodwala kwa dokotala pamene mandala sangathandize kanthu.

Kuti timvetse nchitoyi, tiyeni tione m'mene diso ligwirira nchito. Kuwala kulowa pa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, kupyola pa kagalasi kofewa kamene kali kumbuyo kwa mwana wa diso, ndi kukagwa pa kansalu ka kumbuyo kwenikweni. Kansaluko ndiko katumiza cithunzi ku ubongo kudzera mu mtsempha wa diso. Diso likatalika pang'ono kuposa muyeso wace, cithunzi cigwa cisanafike pa kansalu, ndipo munthu aona zapafupi koma zakutali zili mbuu. Uyu ndiye mwana uja wosaona pa bolodi. Munthu akafika zaka 40 kapena kupitirirapo, kagalasi kaja kayamba kuuma, kotero kuti sikathanso kusintha bwino poyang'ana zinthu zapafupi. Ndico cifukwa cace akuluakulu atambasula mkono powerenga kalata. Si ufiti, ndiponso si nthenda. Ndi kukula cabe, ndipo mandala owerengera athetsa bvutoli tsiku lomwelo.

M'mera mpoyamba

Ana ambiri aganizira za nchito atalemba kale mayeso otsiriza, pamene nthawi yokonza zinthu yapita. Khomo la maphunziro a za umoyo litseguka kapena kutsekeka pa tsiku limene mwana asankha maphunziro ace ku sekondale. Kaya ali m'magiredi akale kapena m'mafomu amene anayambanso m'caka ca 2025, asathawe masamu ndi sayansi ponena kuti nzobvuta.

Pa mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia, nambala 1 ndiyo yapamwamba, ndipo kuyambira 1 kufikira 6 ndipo pamene awerenga kuti mwana wapeza kirediti. Wopeza 7 kapena 8 waphasa ndithu, koma alibe kirediti. Masukulu a za umoyo afuna makirediti 5, ndipo pakati pace payenera kukhala Cingelezi, masamu, biology ndi sayansi. Zimenezi sanazisankhe mwangozi. Mandala ndi nkhani ya m'mene kuwala kupindikira, imene iphunzitsidwa mu physics. Mphamvu yace iwerengedwa ndi masamu. Diso ndi ciwalo ca thupi, cotero biology ifunika. Ndipo mabuku onse ali m'Cingelezi. Popeza ofuna malo ngambiri, mwana asakhutire ndi 6, koma alimbikire kupeza nambala yocepa.

Amene analemba kale koma phunziro limodzi kapena awiri sanayende bwino asataye mtima. Mayeso a GCE alipo kaamba ka anthu otere. Kukhala caka cimodzi kukonza masamu kuposa kuthamangira sukulu imene ilandira munthu wopanda zomuyenereza, pakuti pambuyo pace citupa cace cidzakanidwa.

Cinanso, mwana aione nchitoyi ndi maso ace asanaisankhe. Ku Cigawo ca Kum'mawa kuli zipatala zodziwika pa za maso, monga Mwami kufupi ndi Chipata, St Francis ku Katete, ndi cipatala cacikulu ca Chipata Central. Pa chuthi angapite kukapempha mwaulemu kuti aceze pang'ono ndi anchito a ku cipinda ca maso. Adzaona kuti nchitoyi ndi yokhala ndi anthu tsiku lonse, okalamba ndi makanda omwe, ndipo wamtima wapacala siimuyenera.

Kusankha sukulu

Kale munthu wa m'Zambia wofuna nchito imeneyi anali kupita kunja kwa dziko. Maphunzirowa anadzayamba pa koleji ya za umoyo ya Chainama mu Lusaka, imene pambuyo pace inakhala mbali ya yunivesiti ya boma ya Levy Mwanawasa Medical University. Amene mukwera basi kucokera ku Chipata muidziwa, pakuti ili m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road polowa mu mzinda. Dipuloma itenga zaka 3, pamene digiri itenga zaka 4 kapena kuposapo. Wadipuloma ayamba nchito msanga, ndipo angadzabwerere kukaonjezera maphunziro. Ena apita ku Mzuzu University m'Malawi kapena ku mayunivesiti a ku South Africa. Amenewa akabwerako ayenera kupereka zitupa zao ku Zambia Qualifications Authority kuti zitsimikizidwe.

Masiku ano masukulu a za umoyo amene si a boma aculuka, ndipo ena ngabwino. Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba yopentedwa bwino ndi cilengezo ca pa wailesi sizikwanira. Musanalipire ngwee imodzi, funsani zinthu ziwiri. Coyamba, kodi sukuluyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority? Caciwiri, kodi maphunziro a za maso enieniwo anabvomerezedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia, lodziwika ndi dzina lalifupi la HPCZ? Sukulu ingakhale yololedwa kuphunzitsa zina koma osati zonse. Bungweli lilembanso maina a ophunzira a za umoyo akali pa sukulu, cotero mwana atsimikize kuti dzina lace lafikako m'caka coyamba.

Funsaninso ophunzira amene ali kale pa sukulupo. Kodi zida zopimira zilipo zokwanira kuti aliyense azigwira ndi manja ace? Kodi ndi cipatala citi kumene akumana ndi odwala enieni? Safunsa anadya phula.

Mafomu ofunsira malo atengedwe ku ofesi ya sukulu kapena pa tsamba lace la pa intaneti, ndipo ndalama zilipidwe ku banki m'dzina la sukulu. Munthu aliyense amene anena kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akupezereni malo ndi wakuba. Onaninso kuti maina a pa reji ndi a pa cikalata ca zotuluka za mayeso ngofanana, cifukwa cilembo cimodzi cosiyana cingacedwetse mwana miyezi yambiri. Pa za ndalama, bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board lipereka nkhongole kwa ophunzira a m'mayunivesiti ena a boma. Lembani msanga kufunsa ngati sukulu ndi maphunziro amene mwasankha zili pa mndandanda wace. Powerengera, musaone fizi yokha. Pali nyumba, cakudya, mabuku, zida zina zimene wophunzira agula yekha, ndi maulendo a ku zipatala.

Zimene aphunzira

Caka coyamba ncobvuta kwa ambiri, cifukwa ndi ca mabuku: kapangidwe ka thupi ndi ka diso, ndi malamulo a kuwala. Pambuyo pace ayamba kugwira zida. Cida coyamba ndi chati ya zilembo zazikulu pamwamba ndi zazing'ono pansi, imene anaikonza dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, m'caka ca 1862. Wodwala aima pa mtunda wa mamita 6, ndipo woona bwino alembedwa 6/6. Kwa amene sadziwa kuwerenga pali chati ya cilembo E cotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, ndipo wodwala angoloza ndi dzanja kumene miyendo yace yayang'ana. Motero agogo amene sanapite ku sukulu apimidwa bwino lomwe monga aphunzitsi.

Pali kabokosi ka timagalasi tambiri toyesera, ndi katoci kochedwa retinoscope, kamene kathandiza kupeza mphamvu ya mandala ngakhale mwa mwana amene sanayambe kulankhula. Pali cida coonera kansalu ka kumbuyo kwa diso, ndi cina coyesera kuthina kwa madzi a m'diso. Ophunzira ayamba kupimana okhaokha, kenaka apita ku zipatala kukapima odwala pamaso pa aphunzitsi ao.

Koma phunziro lalikulu koposa ndilo kudziwa pamene mandala sangathandize. Ng'ala ndi kagalasi ka m'diso kamene kacita mtambo. Icotsedwa ndi opaleshoni yokha, ndipo ambiri aonanso. Nthenda ya glaucoma iononga mtsempha wa diso mwakacetecete, kawirikawiri popanda ululu, ndipo ipezeka kwambiri pakati pa ife anthu akuda. Kuona kumene kwatayika sikubwereranso, koma ikapezeka msanga mankhwala aicedwetsa. Nthenda ya shuga iononga timitsempha ta kumbuyo kwa diso. Trachoma, imene ifala ndi nchenche ndi nkhope zosasamba, ikakhalitsa ipinda nsidze kuti zizikanda diso. Ndipo khanda limene mwana wa diso lace aoneka woyera liyenera kutumizidwa kwa dokotala mosacedwa, pakuti nthawi zina pamenepo pali moyo weniweni. Wopima maso ndiye mlonda amene aona zonsezi poyamba.

Apa ndipo mwana wa kumudzi aposa anzace. Kupima maso ndi kufunsana: wopima aika kagalasi aka, naikanso kena, nafunsa kamene kaonetsa bwino. Agogo angayankhe kuti zonse zili bwino cifukwa ca ulemu cabe, ndipo wothamanga adzawapatsa mandala olakwika. Wodziwa cilankhulo ndi makhalidwe a kwao adziwa kupereka moni, kudikira, ndi kufunsanso mwa njira ina. Adziwanso kulangiza popanda kunyoza amene anathira madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'diso, zinthu zimene zaononga maso ambiri, ndi kutsimikizira makolo kuti mandala oyenera saononga maso a mwana. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Citupa ca sukulu sicikwanira

Wotsiriza maphunziro saloledwa kuyamba kupima anthu m'mawa mwace. Lamulo la dziko lino lifuna kuti wanchito aliyense wa za umoyo alembetse ku HPCZ ndi kukwaniritsa zonse zimene bungwelo lifuna kwa ongotuluka kumene. Poyamba alembedwa mongoyembekezera, nagwira nchito pansi pa munthu wozolowera, kenaka ndipo alembedwa mokwanira. Pamwamba pa izi pali cilolezo cogwirira nchito cimene citengedwa caka ndi caka, ndipo wanchito ayenera kupitiriza kuphunzira zatsopano. Inu odwala muli ndi ufulu wofunsa kuona cilolezo ca munthu amene afuna kugwira maso anu.

Nchito ipezeka m'zipatala za boma, za mishoni, ndi m'masitolo a mandala. M'caka ca 2022 boma linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, koma kulemba kotere sikucitika caka ciliconse, ndipo ena adikira. Wanzeru sakhala manja lende podikira: alowa pamene papezeka, ngakhale malipiro ali ocepa, kuti manja asaiwale.

Kutsegula malo akoako

Ubwino wa nchito imeneyi ngwakuti munthu angathe kudzilemba yekha. Koma asathamange. Zaka zingapo pansi pa ena ziphunzitsa zimene sukulu siphunzitsa: kumene zida ndi mafelemu zigulidwa, mitengo imene anthu angathe, ndi mayankhidwe a munthu amene wabweza mandala ali wokwiya.

Nthawi ikakwana, pali makomo anai ogogoda. Dzina la malonda lilembetsedwa ku PACRA. Nambala ya msonkho itengedwa ku Zambia Revenue Authority. Khonsolo ya m'bomalo ipereka zilolezo zace za malonda. Ndipo HPCZ iyendera malowo ndi kupereka laisensi, imene ikhala yosiyana ndi cilolezo ca munthu mwini. Kutsegula izi zisanathe ndiko kuitana citseko.

Cipinda copimira cifuna utali wa mamita 6, kapena mamita 3 ngati agwiritsa nchito kalirole. Cikhale cotheka kucidetsa ndi nsalu, cikhale ndi madzi osamba m'manja, ndipo popeza magetsi athima, sola yaing'ono ithandiza. Woyamba asakongole ndalama zambiri kugula makina onse tsiku limodzi. Chati, kabokosi ka timagalasi, zida za m'manja ndi mafelemu olimba otsika mtengo zikwanira poyambira. Makina odulira magalasi ngokwera mtengo. Pakali pano angatumize miyeso kwa odula a ku Lusaka, mandala nabwera pa basi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Nanga malowo akhale kuti? Ambiri athamangira mu Lusaka, kumene masitolo a mandala ayang'anizana makomo ndipo lendi ndi yaikulu. Koma pa maboma onga Petauke, Nyimba, Lundazi ndi Chadiza pafika aphunzitsi, anamwino, oyendetsa galimoto, osoka ndi alimi a m'midzi yonse yozungulira. Wotsegula kumeneko adziwe nyengo: mlimi akhala ndi ndalama atagulitsa mbeu m'cilimwe, ndipo miyezi ya dzinja malonda acepa, cotero asunge za lendi pasadakhale. Asakhale m'sitolo kudikira. Apangane ndi a za umoyo a m'boma, mafumu ndi akulu a masukulu kuti azipita kukapima anthu kumene ali. Alembe m'buku ngwee iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo thumba la malonda lisasakanizike ndi la panyumba, ngakhale acibale adandaule.

Ciyeso cacikulu cidzabwera pa tsiku limene lendi yayandikira, ndipo palowa nkhalamba ya ng'ala itagwira ndalama za mbuzi imene yagulitsa, nipempha mandala. Kuigulitsa mandala nkosabvuta, koma sidzaona, ndipo idzacedwa kupita ku opaleshoni. Wopima maso woona ailembera kalata ya ku cipatala, ndalama nibwerera nazo. Cimodzimodzi mwana amene maso ace ali bwino auzidwe kuti ali bwino. Kumudzi mbiri iyenda msanga kuposa basi, ndipo nkhalamba ija ikadzaonanso, mudzi wonse udzadziwa khomo limene linanena zoona.

Mau kwa makolo

Kuyambira caka ca 2022 maphunziro m'masukulu a boma ngaulere kufikira kumapeto kwa sekondale, cotero mtolo wa fizi wapepuka pamene mwana akali kukonza makirediti ace. Mwaiwu ugwire mtsikana ndi mnyamata mofanana, pakuti nchito yopima maso sifuna mphamvu za mikono, koma mutu wabwino ndi mtima wodekha. Mupatseni nyali ndi nthawi yowerenga madzulo. Ngati iye mwini atsinzinira poyang'ana patali kapena asendeza buku pamphuno, yambani mwapita naye kukapimitsa.

Caka ciliconse, pa Cinai caciwiri ca mwezi wa October, maiko akumbukira tsiku la za maso, ndipo nthawi zina anchito a za umoyo atuluka kukapima anthu. Koma amai aja amene anaika pansi singano sangadikire tsiku limodzi pa caka, kapena ulendo wa ku Lusaka umene ndalama zace alibe. Adikira munthu wa pafupi, wolankhula cinenero cao, amene adzawakhazika pa mpando ndi kuwafunsa modekha. Mwina munthuyo ali m'nyumba mwanu lero, ali kulimbana ndi masamu.